Za kukula kwa ziphunzitso za Mpingo

Zikomo a mlembi pofotokoza momwe akatswiri a zaumulungu amatsatira mbiri ya ziphunzitso za Mpingo wa Katolika. Koma pamene mwati Papa akhoza kungoganiza yekha n'kuwonjezera chiphunzitso chatsopano, apo sindikugwirizana nanu.

Taonani nkhani ya Amayi Maria. Ku Ephesus mu 431 maepiskopi anavomereza kuti Maria ndi Amayi a Mulungu, ndipo mkangano weniweni unali wa Yesu. Ngati Mwanayo ndi Mulungu weniweni, monga anagwirizana ku Nicaea mu 325, amene anamubereka timutcha ndani? Zoti Maria anatengedwa kupita kumwamba, thupi ndi mzimu, Papa Pius XII anazilengeza mu 1950, koma anayamba wafunsa maepiskopi a dziko lonse mu 1946, ndipo akhristu anali akuchita kale chikondwerero cha pa 15 Ogasiti kwa zaka mazana ambiri. Chikalata cha Dei Verbum cha 1965, chochokera ku msonkhano waukulu wa maepiskopi ku Vatican, chimanenanso kuti Mpingo umamvetsa mozama pang'onopang'ono zimene atumwi anasiya, mothandizidwa ndi Mzimu Woyera.

Chimene chimandiwawa n'chakuti zonsezi zimangothera m'magazini a Chipwitikizi ndi Chingerezi. Kuno ku Angónia, pa maliro, abale a mipingo ina amafunsa katekisiti kuti, “Zimenezi zalembedwa pati m'Baibulo?” Iye m'manja ali ndi kabuku ka katekisimu kong'ambika basi, anthu onse maso ali pa iye. Chonde, ansembe athu a ku Ulóngwe ndi ku Lifidzi, tilembereni mbiri imeneyi m'chinenero chathu, tiziwerenga m'miphakati.