Wometa tsitsi ali ndi layisensi, wolankhula ndi mwana wodwala alibe

Ndakwiya, ndipo sindibisa.

Lachisanu mwana wanga wa zaka 6 anagonekedwa pachipatala china kuno ku America. Atati amuike dripi, kunabwera mtsikana wovala baji yolembedwa "child life", dzina la ntchito yothandiza ana odwala kumvetsa zimene akuwachita m'chipatala kuti asachite mantha. Anangomupatsa kakompyuta ka m'manja ka tabuleti n'kumuuza kuti sizipweteka ngakhale pang'ono. Singano italowa mwana anakuwa, n'kundiyang'ana ngati ndamupereka kwa afisi. Mpaka lero akaona nesi amabisala kumbuyo kwanga. Nditafunsa, ndinamva kuti mtsikanayo alibe pepala lililonse la ntchitoyi.

Chaka chatha tinakumana ndi child life specialist weniweni. Anatenga chidole n'kumuonetsa mwana pamene singano ilowere, anamuuza zoona kuti zipweteka koma kwa kanthawi, anamusankhitsa yekha ngati akufuna kuyang'ana kapena kutembenuka. Ophunzira ntchitoyi sanamiza mwana. Amakhala ndi digiri, amagwira maola 600 m'chipatala moyang'aniridwa, kenako amalemba mayeso kuti apeze setifiketi ya CCLS, yotsimikiza kuti ndi akatswiri a ntchitoyi. Koma setifiketiyo ndi ya bungwe lawo lomwe, Association of Child Life Professionals. Boma la state yathu ino silipereka layisensi ya ntchitoyi. Chipatala chikafuna chimafunsa pepalalo, chikapanda kufuna chimangopachika baji pachifuwa cha amene chamupeza.

Wondimeta tsitsi ali ndi layisensi ya boma, yopachikidwa pakhoma. Wopaka zikhadabo ali nayo. Nesi ali nayo, ndipo akalakwa pali bodi yokadandaulako imene ingamulande. Nanga uyu wofotokozera mwana za opaleshoni, uyu wothandiza kamwana kutsanzikana ndi mchimwene wake amene akumwalira, akalakwa ndikadandaule kwa ndani? Tsitsi lometedwa molakwika limamera pakatha masabata awiri. Mwana wanga ananamizidwa ali pabedi la chipatala, ndipo tidzabwererakonso mwezi wamawa. Ndidzamuuza chiyani?

Akuti anthuwa ndi ochepa, kukhazikitsa bodi n'kodula. Zanu izo! Inu opanga malamulo, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Dzina la ntchitoyi litetezedwe ndi lamulo. Wopanda maphunziro asavale bajiyo, basi.

Ndiye pali izinso. Inshulansi silipira ntchito yawo payokha, ndiye chipatala chimalemba ochepa kwambiri. Ife tinagona kumeneko Loweruka ndi Lamlungu, mwana akulira usiku wonse, ndipo wophunzira ntchitoyi panalibe ndi mmodzi yemwe.