Amene wakulemberani nkhani ya MBA sadzalowa nanu mu intavyu

Anzanga amene mukufuna kufunsira malo a MBA (digiri ya masitala ya kayendetsedwe ka bizinesi), ndili ndi dandaulo ndipo ndilinena ngakhale ena akwiye. Ambiri mumathera miyezi pa GMAT, mayeso olowera ku sukulu za bizinesi, kenako nkhani yofotokoza za inu eni mumailemba usiku umodzi, kapena mumalipira wina kuti akulembereni. Masiku ano ena angouza pulogalamu ya pakompyuta ya ChatGPT, basi. Ine ndikuti uku n'kudzikumbira dzenje nokha.

Sindikunyoza mayeso ayi. GMAT si yamasewera. Chakumapeto kwa 2023 anaisintha, tsopano ili ndi magawo atatu a mphindi 45 lililonse, ndipo malikisi ake amayambira pa 205 kulekeza 805. Sukulu zambiri zimalandiranso mayeso ena otchedwa GRE m'malo mwake. Komatu malikisi abwino amangochititsa kuti fomu yanu aiwerenge mwachidwi. Okhoza bwino amafunsira ambirimbiri, ndipo ochuluka mwa iwo amabwezedwa.

Chimene chimasiyanitsa anthu ndi mafunso ooneka ngati opepuka: mukufuna MBA chifukwa chiyani, bwanji pano osati mtsogolo, nanga bwanji sukulu ino osati ina? Ku sukulu ya bizinesi ya Stanford ku America amafika pofunsa kuti chofunika kwambiri kwa inu pa moyo n'chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani. Funso lotere angakuyankhireni ndani?

Tiyerekeze kuti mwapeza katswiri wakulemberani nkhani yosalala bwino, mwaitanidwa. Ku sukulu ya bizinesi ya Harvard intavyu imatenga mphindi 30 zokha, ndipo wokufunsaniyo amakhala atawerenga fomu yanu yonse, osati CV yokha. Ngati munalemba kuti munatsogolera gulu n'kupulumutsa ntchito imene inkagwa, adzakakamira pomwepo. Munali angati? Anakutsutsani ndani? Munamuyankha zotani? Mukanakhala ndi mwayi wobwereza mukanasintha chiyani? Amene anachitadi zinthuzo amayankha mosavutika, mwinanso akuseka pokumbukira. Amene anakongoletseredwa nkhani amayamba kuzungulira, thukuta lili chuchuchu. Ndiye mukatuluka amakupatsani maola 24 okha kuti mulembe maganizo anu pa zimene mwakambiranazo. Katswiri wanu uja kunalibe, ndiye alemba chiyani?

Sachita zimenezi pofuna kuzunza anthu. Ku Harvard amaphunzira pokambirana nkhani zenizeni za makampani, mphunzitsi amatha kungoloza munthu mwadzidzidzi kuti ayambe, ndipo m'maphunziro ambiri pafupifupi theka la malikisi limachokera pa zimene umalankhula m'kalasi. Akufuna kuona ngati mungathe kuganiza anthu akukuyang'anani. Ku Wharton, sukulu inanso ya bizinesi ya ku America, amakuikani pagulu la anthu 5 kapena 6, onse ofuna malo omwewo, n'kukupatsani mphindi 35 kuti mugwirizane chimodzi. Apa ambiri amaganiza kuti wopambana ndi wolankhula kwambiri. Ine ndimaona kuti amene wamvetsera, n'kulumikiza mfundo za anzake awiri otsutsana, ndiye wadzionetsa bwino kuposa wolongolola uja. Ku INSEAD, sukulu ya bizinesi imene inayambira ku France, amakufunsani anthu amene anaphunzira komweko kale, ndipo iwowa m'mutu mwawo muli funso limodzi: kodi uyu ndikanakonda kukhala naye pagulu?

Palinso vuto lina, lodzichepetsa mopitirira. Ena akafunsidwa zimene anachita amangotamanda anzawo onse, iwo osaonekamo. Ulemu ndi wabwino, koma akufuna kulandira inuyo, osati ofesi yanu yonse. Nenani mbali yanu mosabisa, ndipo pamene zinakukanikani nenaninso. Munthu wonena kuti sanalepherepo samukhulupirira.

Za makalata okuchitirani umboni ndiye ndimadabwa nazo. Anthu amathamangira mkulu wa kampani yonse, kapena wandale wotchuka amene anakumana naye kamodzi, poganiza kuti dzina lalikulu litsegula chitseko. Bwana woteroyo alemba mizere itatu yoti ndinu wolimbikira ndi wakhalidwe labwino, zimene angalembere aliyense. Sukulu zambiri zimanena poyera kuti zikufuna amene amakuyang'anirani tsiku ndi tsiku. Ameneyo ndiye angafotokoze nthawi imene anakudzudzulani ndi mmene munasinthira, ndipo funso limenelo limakhaladi pa fomu yake. Mumuuze kudakali nthawi, osati kwatsala masiku awiri.

Kodi ndiye osapempha thandizo? Pemphani ndithu. Pezani munthu wosakunyengererani, awerenge nkhani yanu, akufunseni mafunso owawa, akuuzeni pamene mwayamba kudzikongoletsa. Koma cholembera chikhale m'manja mwanu.

Pa nkhani ya nthawi, sukulu zambiri za ku America zimalandira mafomu m'zigawo: cha mu Seputembala, mu Januwale, ndipo zina cha mu Epulo. Chigawo chomalizachi malo amakhala atatsala ochepa, ndalama za thandizo zambiri zitagawidwa kale, ndipo wochokera kunja amafunikanso nthawi ya viza. Ngati mukufuna cha Seputembala, mayeso muthane nawo msanga kuti miyezi yotsalayo ikhale ya nkhani yanu ndi yokambirana ndi okulemberani makalata.