Vuto lili pa pangano la Kars

Mwalemba kuti Turkey sizindikira dziko la Armenia, koma apa pakufunika kuwongola. Turkey idavomereza ufulu wa Armenia mu Disembala 1991. Chomwe idakana n'kukhazikitsa ubale wa akazembe, kenaka mu Epulo 1993 idatseka malire ake ndi Armenia pankhondo yolimbirana dera la Karabakh pakati pa Aameniya ndi Azerbaijan, bwenzi la Turkey.

Malire omwe alipowa adachokera pa pangano la Kars (mzinda wa kum'mawa kwa Turkey) la pa 13 Okutobala 1921, ndipo amatsata mitsinje ya Akhurian ndi Aras. Ndi pamenepa phiri la Ararat ndi mabwinja a Ani, mzinda wakale wa Aameniya, zidagwera ku Turkey. Amene adasainira Armenia anali boma la Soviet, n'chifukwa chake Aameniya ambiri salikhulupirira panganoli. Turkey nayo imadandaula ndi chikalata cha ufulu cha Armenia cha 1990 chomwe chimatchula "Western Armenia", kutanthauza madera a kum'mawa kwa Turkey.

Mapangano omwe Turkey ndi Armenia zidasaina ku Zurich, ku Switzerland, mu 2009 adanena poyera kuti mbali zonse zizindikire malire alipowa, koma nyumba zamalamulo sizidawavomereze. Turkey idawamangirira ku nkhani ya Karabakh, Armenia n'kuwathetsa mu Malichi 2018. Kumangirira kumeneku ndiko kudapha ntchito yabwino, ndipo n'zomvetsa chisoni. Komabe mlatho wa Margara, womwe uli pamalire a maiko awiriwa, adautsegulako mu Febuluwale 2023 kuti magalimoto a thandizo la chivomerezi cha ku Turkey adutse.