Ziro si None, anthu inu

Zandinyansa zedi. Pulogalamu yowerengera malipiro a alimi a thonje pa msika wina ku Ngabu yakhala ikudula kilo imodzi kwa aliyense wokhuthulira thonje lake pa sikelo popanda thumba. Vuto lake ndi kamzere kamodzi ka Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu: thumba = thumba or 1, pomwe thumba ndi makilo a thumba ochotsedwa pa kulemera kwa thonje. Kalaliki akalemba 0, Python imaona ngati sanalembe kanthu, n'kuikapo 1. Mwini pulogalamuyo akuti mayeso onse anadutsa. Akanalephera bwanji poti onse atatu anali a thumba=2?

Kusiya parameter (mfundo yomwe mumapatsa pulogalamu, monga thumba) osaipereka, kupereka None (mawu a Python otanthauza kuti palibe kanthu), ndi kupereka 0 ndi zinthu zitatu zosiyana. Zosiyana! Function (kachigawo ka pulogalamu kogwira ntchito imodzi) ikakhala ndi ma parameter 4 otha kusiyidwa, njira zongosankha kuti upereke ati ndi kusiya ati ndi 16, tisanafike pa manambala. Walira mvula walira matope. Munafuna ma default (zomwe zimalowa zokha mukasiya parameter) kuti pulogalamu ioneke yaifupi, ndiye ayeseni onse.

Pamanja simungamalize, n'chifukwa chake kuli Hypothesis, chida cha Python chodzipangira chokha zitsanzo zoyesera. Mu @given, momwe mumauza Hypothesis zitsanzo zoti ipange, ikani st.fixed_dictionaries, kilo ndi mtengo zikhale zokakamiza, thumba lilowe mu optional ngati st.none() | st.integers(0, 5), kenako itanani function yanu ndi mfundo zomwe zatulukazo: malipiro(**mfundo). Mukangolemba st.none() popanda optional ndiye kuti mwayesa None yekha, kusiya parameter simunakuyese. Samalaninso ndi st.builds: parameter yokhala ndi default imaisiya momwemo pokhapokha mutaiuza.

Musalembe yankho la chitsanzo chimodzi, lembani lamulo losasweka. Kusiya thumba kufanane ndi kupereka default yake. Thumba likakhala 0, malipiro akhale kilo kuchulukitsa ndi mtengo, basi. Thumba likamalemera, malipiro asakwere. Hypothesis imayesa zitsanzo 100 mukapanda kusintha, ndipo ikapeza cholakwika imachichepetsa mpaka kukuonetsani kachitsanzo kakang'ono, thumba=0 poyera. Kukonza kwake ndi if thumba is None, mawu anayi okha. Mwina ndi changu, mwina ulesi, mlimi wa ku Ngabu sizimukhudza, iye wapsa ndi dzuwa la kuchigwa kuno n'kuberedwa kilo.

Nanga awa osunga ndalama mu float, mtundu wa manambala a madesimali? Lembani 0.1 + 0.2 muone 0.30000000000000004. Sungani matambala ndi magalamu ngati integer (manambala athunthu) kapena gwiritsani ntchito Decimal, tisamachite kukuuzani chaka chilichonse.