Kukhala ndwii si kukwiya

Anthu a kuno ku Nchalo, tasiyani kufunsa munthu kuti "mwakwiya nane?" mukangomuona ali ndwii. Kukwiya kumafuna mphamvu, ndipo mu Okutobala muno mphamvuzo tizitenga kuti? Kutentha kwa kuchigwa kuno kumafika madigiri 40. Wagona pakhonde, udzudzu wa ku Shire ukukuimbira m'khutu usiku wonse, m'mawa wapeza zigubu zili ndanda pa mjigo.

Ndiye ungokhala pansi pa mtengo, dzanja patsaya, wina watulukira kale: "Achimwene, kwagwanji? Kapena alamu athawa?" Ayi ndithu! Wokhumudwa amakhala kuti wina wamulakwira, koma ndwii amangobwera yekha. Chonyansa kwambiri n'chakuti ukayankha kuti palibe vuto, amakhala pansi pomwepo n'kuyamba kukufotokozera za msuweni wawo wa ku Bangula amene anayambanso choncho.