Vuto lalikulu ndi memory ndi batire

Alembi, mwanena kuti chovuta chachikulu pokhazika virtual machine (pulogalamu yokhala ngati kompyuta, imene imayendetsa mapulogalamu ena) pa mafoni ndi tizipangizo ting'onoting'ono ndi kuchedwa kwa purosesa, koma mwasiya nkhani ya memory ndi batire, imene imatisautsa kwambiri kuno ku Salima. Pamene a Sun Microsystems ankakonza KVM, virtual machine yaing'ono yoyendetsa mapulogalamu a Java pa mafoni a mabatani, cholinga chawo chinali zipangizo za memory ya makilobayiti 160 mpaka 512, ndipo CLDC 1.0, muyezo woyamba wa Java ya pa zipangizo zoterezi, inalibe ngakhale floating point (kuwerengera manambala a madesimo), imene inadzabwera mu CLDC 1.1. Kudzimana kotereku n'kumene kunachititsa kuti Opera Mini izitseguka pa timafoni ta Nokia timene ambirife tinayambira intaneti.

Ine ndimathandiza alimi a mpunga ku Lifuwu ndi tizipangizo ta ESP32 (timakompyuta ting'onoting'ono) toyendera MicroPython (chinenero cha mapulogalamu cha Python chochepetsedwa, chokhala ndi virtual machine yakeyake), toyeza madzi m'ngalande. Purosesa yake ndi yokwanira ndithu. Vuto limabwera memory ikagawikana tizidutswatizidutswa, chifukwa pulogalamu imaima ngakhale malo otsala alipo, popeza garbage collector ya MicroPython (gawo lochotsa mu memory zinthu zosafunikanso) sisuntha zinthu kuti malowo alumikizane. Komanso chipangizo chikapanda kugonekedwa mu deep sleep (tulo tosadya kwambiri batire) pakati pa kuyeza kwina ndi kwina, batire yodalira sola sichedwa kutha, makamaka m'dzinja pamene mitambo imaphimba dzuwa masiku angapo.

Anzanga amene mukuphunzira zamakompyuta, musanatamande liwiro la virtual machine iliyonse, yambani mwafunsa kuti imadya memory ya RAM yochuluka bwanji ikangoyatsidwa. Alembi, chonde m'nkhani yotsatira mutifotokozerenso mmene batire inakhudzidwira pamene Android inasiya virtual machine yake ya Dalvik n'kutenga ART yoilowa m'malo mu 2014.