Phungu asamamvere pa wailesi lamulo lokhudza anthu ake

Mwezi watha ndinali kumudzi ku maliro a malume anga. Titabwerako kumanda tinakhala pansi pa mtengo wa mango kudikira nsima, ndipo phungu wa dera lathu anali pomwepo pa mpando wapulasitiki, atavula jekete chifukwa cha kutentha. Azakhali anga, amene ali ndi kagolosale pamsika, anasendera pafupi, n'kugwada pang'ono, n'kumasula kapepala kamene anamanga pa nsonga ya chitenje. Anali risiti ya chiphaso cha bizinesi yawo. Ndalama yake inali itakwera, ndipo ku ofesi kumene anakalipira anangowauza kuti "ndi malamulo atsopano." Ndiye anafunsa mwaulemu: "Bwana, lamulo limeneli munapanga liti kumeneko, osatiuzako?"

Bambo aja anayang'ana kapepala kaja nthawi yaitali, akukatembenuza. Kenako anati, "Mayi, ndisakunamizeni. Inenso ndinamvera pa wailesi ngati inu."

Sindinawakwiyire. Ananena zoona, ndipo ndi zoona zimenezo zomwe zandisowetsa mtendere mpaka lero.

Ambirife timaganiza kuti lamulo lililonse limabadwira mu Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe: bilu ibwere, aphungu akangane, avote, mtsogoleri wa dziko asainire. Koma lamulo lodutsa njira imeneyo nthawi zambiri limakhala ngati mzati ndi denga chabe. Limanena kuti pakhale chiphaso, koma silinena kuti chiphasocho chidzagulidwa ndalama zingati. Limanena kuti chilengedwe chitetezedwe, koma silinena kuti jumbo yololedwa ikhale yokhuthala motani. Chakumapeto kwake mumakhala ndime yaifupi yopatsa nduna mphamvu yolemba malamulo ena ang'onoang'ono oyendetsera lamulo lalikululo. Amenewa ndi amene azamalamulo amawatcha ma regulations. Amalembedwa m'maunduna ndi m'mabungwe a boma monga MERA, MACRA, MRA, MBS ndi Reserve Bank, nduna n'kusaina, n'kusindikizidwa mu Gazeti ya boma, basi ayamba kugwira ntchito. Ndipo ndi amenewa amene amafika m'thumba la munthu wa kabaza, mayi wogulitsa usipa, ndi mlimi amene akufuna kutumiza soya kunja.

Palibe cholakwika kuti mabungwe azilemba malamulo otere. Aphungu 229 sangakhale pansi kukangana za kukula kwa maso a ukonde wa usodzi kapena mlingo wa ayodini mu mchere. Zimenezo n'za akatswiri. Koma mphamvuyo ndi yobwereka. Malamulo aakulu a dziko lino amanena momveka bwino pa ndime 58: Nyumba ya Malamulo ikhoza kupereka mphamvu yolemba malamulo ang'onoang'ono, koma malamulowo akalembedwa ayenera kuperekedwa ku Nyumbayo. Ndime yomweyo imaletsanso kubwereketsa mphamvu yolemba malamulo okhudza kwambiri ufulu wachibadwidwe wa anthu. Mwini khasu ndi Nyumba ya Malamulo. Wobwereka khasu amayenera kuuza mwini wake munda umene akukalima.

Vuto langa lili pa nthawi. Kupereka chikalata ku Nyumba ya Malamulo chitasindikizidwa kale, anthu atayamba kale kulipira, apolisi atayamba kale kugwira anthu, n'chimodzimodzi kuuza ankhoswe za ukwati phwando litatha. Madzi akatayika saoleka. Aphungu amafunika kuona lamulolo likadali loyerekeza, pamene mawu ake angasinthidwe popanda munthu kuchita manyazi.

Kumbukirani Epulo 2020. Nduna ya zaumoyo ya nthawi imeneyo, a Jappie Mhango, inalengeza m'bindikiro wa masiku 21 chifukwa cha Covid-19, kuyambira pa 18 Epulo mpaka pa 9 Meyi. Misika ikuluikulu itsekedwe, anthu akhale m'nyumba. Malamulo ake analembedwa ku unduna potsamira pa lamulo la zaumoyo lakalekale la m'nthawi ya atsamunda, ndipo sanadutse m'makambirano a aphungu. Mavenda m'mizinda anatuluka m'misewu akunena chinthu chimodzi: bola kufa ndi matenda kusiyana n'kufa ndi njala. Pa 17 Epulo, kutatsala tsiku limodzi, woweruza Kenyatta Nyirenda wa bwalo lalikulu la milandu anapereka chiletso choimitsa m'bindikirowo, a bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC ndi anzawo atakadandaula. Mu Seputembala chaka chomwecho bwalo linagamula kuti malamulo a m'bindikirowo ankasemphana ndi malamulo aakulu a dziko.

Ine sindikunena kuti amene analemba malamulowo anali ndi mtima woipa. Matenda anali pakhomo, anthu anali ndi mantha, maiko ena anali atatseka kale. Koma funso limene mavenda anafunsa pamsewu, loti tidya chiyani masiku 21, ndi funso limene phungu aliyense wa ku Ndirande, Mchesi kapena Chibavi akanalifunsa m'mphindi zisanu zoyambirira chikalatacho chikanafika pa tebulo lake. Amadziwa kuti anthu ake amadya madzulo zimene apeza masana. Funsolo likanafunsidwa m'komiti, boma likanabwera ndi ndondomeko ya chithandizo limodzi ndi lamulolo, ndipo mwina sitikanataya nthawi ya mliri tili kukhoti.

Nkhani ya majumbo opyapyala nayonso inatiphunzitsa zambiri. Malamulo oletsa mapulasitiki amene kukhuthala kwake sikufika ma micron 60 anatuluka mu 2015. Cholinga chake n'chabwino. Aliyense amene anaonapo ngalande za mu Limbe nthawi ya mvula, kapena mbuzi itafa chifukwa chodya jumbo, sangatsutse. Koma makampani anathamangira kukhoti, nkhani inafika ku Supreme Court imene inagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, ndipo ngakhale pambuyo pake milandu sinathe msanga. Zaka zonsezo majumbo anali mbwee m'misika. Lamulo limene lili ndi unduna umodzi wokha kumbuyo kwake limakhala la masiye. Likadutsa m'maso mwa aphungu, n'kumva madandaulo a ochita malonda ndi a zachilengedwe poyera, limakhala ndi eni ake ambiri olitchinjiriza. Mitengo ya pa zipata zolipiritsa za Chingeni ndi Kalinyeke inayendanso njira yomweyo: kulengeza kaye, anthu kulira, kenako kutsitsa.

Chimene ndikupempha si chachilendo, ndipo si chodula. Bungwe kapena unduna ukamaliza kulemba lamulo loyerekeza, ulitumize kwa Kalaliki wa Nyumba ya Malamulo lisanapite ku Gazeti. Kalaliki alipereke ku komiti yoona za malamulo ndi ku komiti yoona nkhaniyo, kaya ndi ya ulimi, ya zamalonda kapena ya zaumoyo, ndipo phungu aliyense alandire kope pa foni yake. Pamwamba pa chikalatacho pakhale tsamba limodzi lokha lofotokoza m'Chichewa ndi m'Chitumbuka chomveka: lamuloli likusintha chiyani, likhudza ndani, munthu adzalipira zingati poyerekeza ndi kale, wolakwira adzalandira chilango chanji, ndipo mphamvu yolilemba yachokera pa ndime iti. Tsamba limodzi limenelo ndi lofunika kuposa masamba ena onse, chifukwa ndi limene phungu angaliwerenge pamsonkhano wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC) kapena pa wailesi ya m'dera. Kenako padutse masiku, ine ndingati 30, oti aphungu ndi anthu apereke maganizo. Komiti ikaona kuti bungwe lapyola malire a mphamvu imene linapatsidwa, inene poyera ndipo bungwe liyankhe polemba.

Anzathu ena anakonza kale njira zotere. Ku Kenya kuli lamulo la 2013 lokakamiza kuti malamulo ang'onoang'ono aperekedwe ku nyumba ya malamulo m'masiku ochepa atasindikizidwa, ndipo amafunsa ngati anthu okhudzidwa anafunsidwa maganizo. Ku Zambia, pafupi pompa, kuli komiti ya aphungu imene ntchito yake ndi kuunika malamulo amtunduwu. Ku Britain aphungu amakhala ndi masiku 40 oti akhoza kukana lamulo lotere. Ife tikhoza kutengapo zotiyenera, n'kuwonjezera chimene ndikuchiona chofunika kwambiri kwathu kuno, choti aphungu alione lisanatuluke.

Ndikudziwa zimene ena munena. Choyamba, kuti zinthu zina n'zadzidzidzi, kolera sadikira komiti. N'zoona. Pakhale khomo la zadzidzidzi: lamulo liyambe kugwira ntchito pompopompo, koma lifike kwa aphungu sabata yomweyo, ndipo lithe lokha pakapita miyezi yowerengeka ngati Nyumba siinalivomereze. Malamulo ambiri okweza ndalama za ziphaso ndi zindapusa alibe changu chotere. Amakhala m'madirowa miyezi yambiri asanatuluke.

Chachiwiri, kuti aphungu adzangopezerapo ma alawansi ndi misonkhano ya kunyanja. Dandaulo limeneli ndimalimva, ndipo si lopanda maziko. Koma kutumiza chikalata pa foni sikufuna hotelo ya ku Mangochi. Ndipo phindu lake lina ndi ili: chikalata chikatumizidwa ndipo tsiku lake n'kulembedwa poyera, phungu sangathenso kubisala. Lero akhoza kunena kuti sanadziwe, ndipo timamukhulupirira. Mawa tidzatha kumufunsa kuti, bwana, munalandira pa tsiku lakuti, munanenapo chiyani? Aphungu nawonso ali ndi mbali yawo. Ena amathera mphamvu zonse pa mabokosi a maliro, milatho ndi mijigo, chifukwa ndi zimene ife ovota timawapempha pakhomo m'mamawa. Ntchito yowerenga malamulo siioneka, siijambulika, ndipo palibe amaimbira munthu nyimbo chifukwa chopeza cholakwika pa ndime 14 ya chikalata. Komatu ndiyo ntchito imene tinawalembera.

Chachitatu, kuti aphungu adzalowetsa ndale m'nkhani za akatswiri, kapena adzakhala m'thumba la makampani ofuna kufooketsa lamulo. Izi zikhoza kuchitika. Koma makampani akuluakulu amadziwa kale za malamulo oyerekezawa. Ali ndi maloya, amaitanidwa ku misonkhano yomva maganizo m'mahotela a mu Lilongwe ndi Blantyre, amadziwa chitseko choti agogode. Amene sadziwa kanthu ndi azakhali anga ndi phungu wawo. Kuika chikalata poyera sikuwonjezera mphamvu kwa amene ali nazo kale, kumangolowetsa m'chipindamo anthu amene anali panja.

Tili ndi lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku boma, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020 titalidikira zaka zambiri. Mzimu wa lamulo limenelo ndi woti boma lizitulutsa lokha uthenga wokhudza anthu, osadikira kupemphedwa. Lamulo loyerekeza lokweza ndalama imene mayi wa golosale adzalipire ndi uthenga wotere ndithu.

Azakhali anga analipira, chifukwa sakanachitira mwina. Anachotsa pa mpamba wa shuga ndi sopo wa mwezi umenewo. Risiti ija anaipindanso bwinobwino n'kuimanga pa chitenje phungu uja atawabwezera. Iye analonjeza kuti akafunsa Nyumba ikadzakumana. Ngati phungu wa kwanu muli naye pa gulu la WhatsApp la m'dera, mufunseni sabata ino kuti ndi malamulo angati oyerekeza ochokera m'maunduna amene wawaona chaka chino asanatuluke mu Gazeti, ndipo mudzandiuze yankho lake.